Gawo la nsadzu

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale malemu mkazi wanga.

Chilimwe chathachi mwana wa malemu achimwene anga, amene ndinamulera kuyambira ali wakhanda, anabwera ku Thamesmead, kuno kutsidya kwa nyanja kumene ndimakhala, ndi galimoto yobwereka. Anati ndafota ndi kukhala m'nyumba, tipite kutchire tikagone m'tenti masiku awiri, tikaone mbalame. Tinayenda mpaka nyumba zinatha, tinakhoma tenti m'mphepete mwa nkhalango. Iye anatenga magalasi oonera patali, ine anandipatsa kabuku koti ndizilembamo mbalame iliyonse imene taona. Ndimalemba mochedwa, poti pensulo ndinaigwira ndili kale ndi ndevu.

Madzulo ake, tikupaka uchi wa m'botolo pa buledi, anandifunsa kuti, “Ababa, kodi bambo anga ankazidziwa mbalame?”

“Ankazidziwa kuposa ine.”

“Nanga njoka ija sanaione bwanji?”

Ndinati tiyi wazizira, ndikawonjezere moto.

Kumene tinakulira kuli mbalame yotchedwa nsadzu. Imalira patsogolo pa munthu, kuuluka mtengo ndi mtengo, mpaka kumufikitsa pamene pali njuchi. Mukafula, mumaisiyira lesa limodzi la uchiwo pamwala. Akuluakulu ankati mukaimana, ulendo wina idzakutsogolerani kwa njoka.

Chaka chimene achimwene anamwalira kunali njala. Tinafula uchi mumphako ya mtengo, achimwene nasenza chidebe, nandiuza kuti, “Iwe, siyira mwini wake gawo lake, undipeza.” Ndinaika lesalo pamwala. Mbalame inali panthambi, ikundiyang'ana. Ndinalitolanso, ndinalidya lonse, ndi phula lomwe. Nditawapeza anandifunsa ngati ndasiya. Ndinati eya.

Patapita masiku anayi nsadzu inaliranso kuseri kwa munda. Ine ndinati mutu ukundipweteka. Achimwene anapita okha, akuimba mluzu poiyankha. Mphiri inawaluma pachidendene, ndipo sanafike kuchipatala.

Ndinapita kusukulu ya akuluakulu, ndinawerenga mabuku, ndikudziwa kuti mbalame sisunga mangawa. Koma chimene sukulu sinandichotsere ndi ichi: tsiku lija mutu sunkandipweteka. Ndinkaopa, ndipo sindinawachenjeze.

Mwanayo anadikira yankho mpaka dzuwa linalowa. Ine ndinkangosonkhezera moto. Ndiye yekha wanditsalira, ndipo amanditcha bambo.

Kutacha ndinatenga botolo lija, ndinakhuthulira uchi wonse pachitsa cha mtengo. Kenaka ndinatsegula kabuku, pansi pa mbalame za dzulo ndinalemba kuti nsadzu. Iye anasuzumira paphewa panga.

“Imeneyo kuno kulibe, Ababa. Mwaiona kuti?”

Ndinasendera kuti akhale nane pachipika cha mtengo, ndinamuuza kuti ayambe wandisiya ndilembe nkhani yonse, adzawerenga ndikamaliza.