Dzanja la Pachithunzi

Ine pakamwa sindichedwa, pa foni ndiye kuposa. Khalidwe limeneli linandipatsa manyazi amene mpaka lero sanandichoke.

Tsiku lina ndikudikira minibasi pa siteji ya Mchesi, panafika bambo wina wodwala misala. Anali atavala majekete atatu dzuwa likuswa mtengo, kumutu atamanga majumbo. Ndinati eee, izi anzanga a kwaya asaphonye. Koma bamboyo ankangoyang'ana pansi. Ndiye ndinatulutsa chitumbuwa m'chikwama n'kuchikweza pamwamba pa foni. Anadzutsa mutu, anamwetulira, n'kutambasula dzanja. Ine n'kujambula. Nthawi yomweyo kondakitala anakuwa kuti watsala mmodzi wa Kawale, ndipo ndinathamangira mpando chitumbuwa chili m'manja. Ndinachidya ndekha m'njira, ine mayi wamkulu ndi ana anga atatu.

Chithunzicho ndinachiponya pa gulu la kwaya la pa foni, n'kulemba kuti fashoni yafika ku Mchesi. Anthu anafa nazo kuseka, ine n'kumadzimva.

Pasanathe ola foni inalira. Anali amayi ena a ku Area 23 amene timaimba nawo, munthu wofatsa ngati nkhosa.

"Amayi, mwamuona pati? Ndi mlongo wanga ameneyo. Anasiya kumwa mankhwala n'kuchoka pakhomo. Tamufunafuna chichokere Khirisimasi."

Ndinawauza kuti ndinamuona pa siteji ya Mchesi.

M'mawa mwake tinapita limodzi pa siteji paja, koma munthu kunalibe. Iwo anakatsukitsa chithunzicho ku situdiyo, n'kumayenda nacho m'misika, ku Biwi, ku Chinsapo, mpaka ku Mgona. Za mawu anga achipongwe aja sanatchulepo ngakhale kamodzi. Bola akanangonditukwana, mtima ukanapepuka.

Mlongo wawoyo sanapezeke mpaka pano. Chithunzicho amachisunga m'buku la nyimbo. Lamulungu lina tisanayambe mapemphero anandikhalira pafupi n'kuchitulutsa.

"Taonani mmene akumwetulira, akukupatsani moni," anatero. "Ena amamugenda, koma inu zikuoneka kuti munamulankhula bwino. Kodi tsiku limenelo ankaoneka kuti wadya?"

Ndinayang'ana dzanja lija. Ndine ndekha amene ndikudziwa chimene linkafuna.

"Eya, amayi," ndinatero. "Anali atadya."

Ndinanama m'tchalitchi, nditavala yunifolomu ya kwaya, ndipo iwo anandigwira dzanja n'kundithokoza.