Dzanja la Mayi wa pa Mpope

Kwathu ku Chinsapo munthu sangakuuze kuti chithunzi chako ndi choipa. Ukamuonetsa amapendeketsa mutu, kenako n'kuti, "Mwayesetsatu achimwene." Mawu amenewa ndinawamva mpaka kutopa nawo. Amayi ankanena, anzanga a kukwaya ankanena, ngakhale mwini golosale amene ndinamulembera chikwangwani chokhota ankati ndayesetsa. Ndi mawu aulemu, inde, koma ndi omwewonso timauza mwana amene wafika pomalizira pa mpikisano wothamanga. Ine ndinkafuna munthu mmodzi yekha woti andiuze ngati ndine wojambula kapena ndikungoononga penti.

Inali nthawi ija matipate atangolowa kumene. Ndinkadyera burashi, kulemba zikwangwani za maokala, masaluni ndi mabala. Koma zimene ndinkazitcha luso langa lenileni zinali njovu ndi milambe, zojambula pa nsalu za matumba a fulawa, zokatsatsa kwa azungu kutauni.

Tsiku lina ndikumalizitsa kujambula mitu ya anthu pa khoma la nyumba yometera ku Area 25, kumbuyo kwanga kunaima bambo wina wa jekete, ambulera kumanja ngakhale kumwamba kunalibe mtambo. Anayang'ana nthawi yaitali moti zikomo wanga ndinali nditamukonza kale pakamwa.

"Yayi," anatero bamboyo. "Anthu onsewa abwerekana khutu limodzi?"

Mtima unandipsa. "Abambo, mwabwera kudzameta kapena kudzajambula?"

"Kudzameta, mwana wanga. Koma maso sindinawasiye kunyumba."

Atalowa ndinabwerera m'mbuyo n'kuyang'ana khoma lija. Zinali zoona. Wa dazi, wa tsitsi la tebulo, wa mzere pambali, onse anali ndi khutu lomwelo limene ndinaphunzira kujambula ndili ku pulayimale. Ndinawadikira panja mpaka atameta.

Anali a ku Rumphi, kalaliki m'boma, mkulu wa mpingo. Anaphunzirako zojambula ali ku sukulu ya uphunzitsi, koma ankati dzanja lawo linakana, anavomera ndi maso okha. Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse ndinkakwera minibasi ndi chithunzi m'khwapa kupita kwawo. Ankachitsamiritsa ku khoma la pakhonde, n'kukhala pa mpando wawo wa nsungwi. Akazi awo ankabweretsa tiyi, tiyiyo n'kuzizira ine ndikudikira chigamulo. Sindinaonepo munthu wina akuyang'ana ntchito yanga motalika choncho, ndipo kuyang'ana kumeneko ndi kumene ndimakusowa kwambiri.

"Njovu iyi unaiona kuti?" anandifunsa tsiku lina.

"Pa kalendala, Abambo."

"N'chifukwa chake ikuoneka ngati ikudikira kuti mwezi uthe. Iwe umadzuka ku Chinsapo. Ukatsegula chitseko m'mawa umaona chiyani?"

"Palibe. Fumbi basi, ndi mzere wa pa mpope."

"Yayi. Palibe ndi mawu a munthu waulesi."

Ndinachoka ndikufufuma, ndikulumbira m'minibasi monse kuti sindidzapondakonso. Iwo amene sangajambule ngakhale nkhuku, andiuze ine za ulesi? Koma wakutsina khutu ndi mnansi. M'mawa mwake ndinatsegula chitseko n'kuima pomwepo. Ndinaona ndowa ndi zigubu zitandandalika kusungira eni ake malo, mayi wina akukankha yake ndi phazi, wina akumanga mwana kumsana pakamwa ali yasa, kukalipira amene wamudumpha. Ndinabadwira pamenepo, koma tsiku limenelo m'pamene ndinapaona.

Chithunzi cha mzere wa pa mpopewo chinandidyera dzinja lonse. Ndinajambula pa hadibodi, osati pa thumba. Kwa Abambo ndinkapitabe ndi tina ndi tina, koma ichi ndinachibisa. Ndinkafuna chikafike chokhwima, ndione ngati yayi uja angatulukenso.

Mvula itasiya ndinachikulunga m'chitenje cha amayi n'kunyamuka. Nditakhota pa msewu wawo ndinaona lole itaima pakhomo, matiresi ndi mipando zili kale pamwamba. Abambo anali atapuma pa ntchito, akubwerera kwawo ku Rumphi. Zoti adzapita ankazitchula ndithu, koma ine ndinkayesa ndi nkhani za chaka china. Amayi a kumpingo anadzaza pabwalo akuimba nyimbo yotsanzikana.

Atandiona anakweza dzanja kwa onyamula katundu. Mpando wa nsungwi uja unali utakwezedwa kale, choncho anatsamiritsa chithunzicho ku tayala la lole n'kunjuta pansi ndi jekete lawo lomwelo. Anayang'ana. Dalaivala ankangoguguda chiwongolero, iwo osamumva.

"Uyu ndikumumva, akukalipa," anatero akuloza mayi wa mwana kumsana. "Mzere uwu uli moyo. Kumeneku ndiye kujambula."

Ndinamva misozi ikubwera, ndipo sindinachite nayo manyazi.

"Koma dzanja la mayi wapatsogoloyu silinanyamule kanthu. Ndowa yodzaza imakoka phewa, imatulutsa mitsempha. Uyu wagwira ngati wagwira kachikwama ka kutchalitchi. Ukakonze, ubwere nacho."

"Ndibwere nacho kuti, Abambo?"

Anatembenuka n'kuyang'ana lole ija ngati akuiona koyamba. Anali ataiwala. Anaseka pang'ono, kuseka kosafika patali, n'kundigwira paphewa. Dalaivala analiza hutala.

Masiku amenewo lamya inali ya mabwana, ndipo Rumphi kwa ine kunali kutali ngati kunja. Ndinkati ndidzapita chithunzi chikadzatheka. Ndisanapite, ndinakumana ndi mayi wina wa kumpingo kwawo mumsika, amene anandiuza kuti Abambo anatisiya.

Kuchokera apo zithunzi zanga zapachikidwapo m'malo abwino, anthu n'kumaomba m'manja, ena n'kumajambulitsa pambali pake. Ndimathokoza, koma ndimabwerera kunyumba ndi njala. Cha pa mpope chija sindinachigulitse. Dzanja lija ndalifufuta ndi kulijambulanso kambirimbiri, moti penti pamalopo anatupa ngati chipsera. Ndakhala pa mpope kuyang'ana mapewa a amayi mpaka ena kundifunsa ngati ndili bwinobwino. Mwina ndowayo tsopano ikulemera, mwina ayi. Amene akanandiuza anali mmodzi.