Dzanja la bambo a pa sofa

Ntchito yosamalira okalamba ndinaiphunzirira ku South Bend, pa chidole chapulasitiki chimene tinkachitembenuza pabedi m'kalasi. Chinali chopepuka, m'kati mulibe kanthu. Ndiye nditasamukira ku Indianapolis n'kupatsidwa nyumba ina yoti ndizikagwirako ntchito m'dera la Lawrence, ndinkadziona ngati katswiri wa zidole. Matama, abale inu!

M'nyumbamo munali mayi wachizungu wokalamba kwambiri, mutu utayamba kutaya zinthu. Amuna awo anamwalira kale, koma mayiwo ankaiwala m'mawa uliwonse, n'kumakana kudya mpaka bambo abwere. Mwana wawo wamkazi ndiye anagula chidole chachimuna, chachikulu ngati munthu, n'kuchiveka juzi ya malemu, n'kuchikhazika pa sofa. Tsiku loyamba ndinachipatsa moni, ine, mpaka kupinda mawondo.

Kumtima ndinkati kwathu tikanati zamatsenga izi. Koma mayiwo akagwira dzanja la chidolecho ankameza phala lawo bwinobwino, ndiye ndinatseka pakamwa.

Chimene chinkandikwiyitsa ndi kulemera. Khungu linali la labala wotchedwa silikoni, lofewa ngati tsaya la khanda, koma m'kati munali mafupa achitsulo, siponji, ndi timatumba ta mikanda yagalasi m'manja, m'ntchafu ndi m'mimba. Masana aliwonse ndinkachikoka kupita nacho kutebulo, msana ukulira. Lachiwiri lina mayiwo akuwodzera pampando, ndinatsegula zipi yakumsana, n'kutulutsa timatumba tonse, n'kupakiramo thonje la m'pilo. Chinapepuka, chinafewa kuposa kale, ndipo ndinadziyamikira ndekha kuti koma ndiye nzeru ndili nazo.

Nthawi ya chakudya mayiwo anagwira dzanja lija. Linanyamuka lokha ngati tsamba. Anandiyang'ana.

“Mwanawe, bambowa adwala,” anatero. “Taona dzanja, latha.”

Supuni anaikankha. Mawa lake chimodzimodzi, ngakhale madzi ankangonyowetsa milomo. Anangokhala n'kumasisita dzanja lopepukalo, misozi chuchuchu. Ndinachita mantha, chifukwa munthu wa msinkhu umenewo masiku awiri osadya si masewera. Koma kuulula ndinkachita manyazi, ndipo timatumba tija ndinali nditatibisa m'galaja.

Tsiku lachitatu mwana wawo anabwera kuchokera kuntchito, ndipo ndinamuuza zonse ndikuyang'ana pansi. Ndinkadikira kuti andithamangitsa. Iye anangokhala pansi n'kupumira m'mwamba.

“Bambo anga ankakonza sitima zapamtunda ku Beech Grove,” anatero. “Dzanja lawo linali lolemera, akakuika paphewa umadziwa. Mikandayo ndinawonjezera ndekha pang'onopang'ono mpaka amayi anasiya kufunsa za bambo. Dzanja la bambo linapepuka sabata imene anamwalira, ndipo amayi ndi amene ankaligwira kuchipatala.”

Mtima unandiwawa. Ine poteteza msana wanga ndinawabwezera mayi aja pambali pa bedi la amuna awo kuchipatala, masiku atatu athunthu.

Tonse awiri tinatenga timatumba tija, tinachotsa thonje, n'kubwezera kalikonse pamalo pake. Mayiwo atanyamula dzanjalo, linagwera pabondo pawo kuti phi. Analinyamulanso, linagwanso.

“Achira,” anatero, n'kunditembenukira. “Nanga phala lija lili kuti?”

Ndinagwira m'nyumbamo miyezi ina isanu ndi iwiri. Msana unkawawabe, koma zipi ija sindinaikhudzenso, ndipo m'mawa uliwonse bambo aja ndinkawapatsa moni wawo.