Madontho Ofiira pa Injini ya Atate

Motoka yathu inayamba kulira m'nyengo yozizira, ndili giredi naini. Sinkalira nthawi zonse. Amai akakhotera kumanzere, kutsogolo chapansi kunkamveka ko-ko-ko-ko, ngati nkhuku ikujompha beseni. Akawongola, zii. Ndinalemba zimenezi mu dayale yanga, tsiku ndi malo omwe, chifukwa ine ndimalemba chilichonse. Kulankhula ndiye ayi. M'kalasi aphunzitsi akandiloza, mawu amathawira m'mimba, koma mukandipatsa bolopeni ndimasanduka loya.

Motokayo inali ya atate. Atamwalira, tinatuluka m'nyumba za oyang'anira ndende ku Mukobeko nkukakhala ku Kamushanga, ndipo amai anayamba kuweta nkhuku za mazira. Mazirawo amakawapereka pa motoka yomweyo, m'mashopu a m'tauni ndi m'nyumba za ku Highridge. Motoka ikaima, mazira aima. Mazira akaima, sukulu yanga nayo ili pa ngozi.

Wokonza motokayo anali mmodzi yekha kuyambira kale, bambo wa kwathu ku Petauke amene anakulira limodzi ndi atate. Ine ndimawaitana ankolo, iwo amaitana amai kuti mulamu. Galaji yawo ndi mtengo wa mango, kontena yakale yosungira zitsulo, ndi dzenje lolowera pansi pa motoka. Amai sankafunsa mtengo ntchito isanayambe. Ankangosiya makiyi. Ntchito ikatha, ankolo ankatchula ndalama akuyang'ana pansi, amai nkupereka ndi manja awiri, pamwamba pake thireyi ya mazira.

Tsiku lina ndinalimba mtima ndikutsuka mbale. “Amai, bwanji simufunsa mtengo akalibe kuyamba?”

“Munthu amene ananyamula bokosi la atate ako kuchoka kuno mpaka ku Petauke,” anatero amai, “nikamufunse mtengo monga nigula tomato?”

Nkhani ikanathera pomwepo pakanapanda mnzanga wokhala naye desiki imodzi, mtsikana wa ku Highridge amene kwawo kuli motoka ziwiri. Nditamuuza za phokoso lija, anagwedeza mutu ngati nesi.

“Iwe, mamakanika onse ni akawalala, makamaka akaona muzimai alibe mwamuna. Amachotsa vitsulo vabwino, aikamo vakudala. Dadi wanga amafunsa mitengo mu magalaji atatu, ndiye amaika penti pa chitsulo chilichonse kuti akachinja azibe.”

Madzulo ake ndinalemba mu dayale kuti atate kulibe, choncho wofunika kuteteza amai ndine. Ndinajambulanso kanyenyezi pambali pa mawuwo.

Ndinayamba ndi mitengo. Podziwa pakamwa panga, ndinalemba funso pa kapepala: Motoka ikulira kutsogolo, kukonza ndi zingati? Pa galaji yoyamba ndinadutsa pageti katatu osalowa, mpaka mai wogulitsa vitumbuwa pafupi anayamba kundiyang'anitsitsa, ine nkugula ziwiri zimene sindinkazifuna. Kachinayi, bambo wa ovolosi yabuluu anandiitana m'Chibemba, kundifunsa chimene ndinkafuna.

“Mwaice, ulefwaya nshi?”

Ndinamupatsa kapepala. Anawerenga, nasinthira m'Chinyanja. “Ilira bwanji?”

Funso limeneli sindinalikonzekere. Mu dayale munali zonse, za kukhotera kumanzere ndi za kuwongola, koma dayale inali m'chikwama ndipo manja anga anali ndi vitumbuwa. Ndinayang'ana nsapato zanga nkunena motsitsa, “Ko-ko-ko.”

“Bwanji?”

“Ko-ko-ko-ko.”

“Imwe, bwerani mumve motoka iyi!”

Anabwera atatu. Ndinalira ngati nkhuku nditavala yunifomu ya sukulu, iwo akutsutsana ngati ndi mabuleki kapena ayi. Pomaliza anati mabuleki, nanditchulira mtengo. Mawa lake pa galaji yachiwiri ndinaliranso, iwo anati ndi mashoku. Yachitatu inali yaikulu, ya magalasi ndi mipando, ndipo mai wa pakauntala anandiuza mwaulemu kuti satchula mtengo wa motoka imene sanaione. Ameneyo ndinamulemba kuti ndi wonyada.

Kunyumba ndinajambula mizere ndi rula. Mtengo wa mabuleki, mtengo wa mashoku, ndipo mzere wachitatu ndalama zimene ankolo anatchula chaka chathacho pokonza pampu ya madzi. Sindinaone vuto lililonse poyerekeza zinthu zitatu zosiyana, ngati munthu woyerekeza mtengo wa nsapato ndi wa kapenta. Wa ankolo unali pamwamba ndi ndalama zokwana kugula mathireyi anayi a mazira. Ndinalemba pansi pake kuti Ankolo ndi mbala, nkudula mizere iwiri kunsi kwa mawuwo.

Chinatsala ndi penti. Penti kunyumba kunalibe, koma pa windo la kuchipinda cha amai panali kabotolo ka kyuteksi wofiira, amene amapaka m'zala akamapita kukapereka mazira ku Highridge. Loweruka m'mawa, amai ali m'khola la nkhuku, ndinatsegula boneti. Sindinkadziwa chitsulo chimene chimabedwa ndi chimene sichibedwa, choncho ndinadontheza paliponse. Pa batire, pa zivundikiro, pa mapaipi, pa mutu wa bauti iliyonse imene dzanja langa linafika. Madontho makumi anayi ndi awiri. Kenaka ndinajambula mapu ake mu dayale, dontho lililonse ndi nambala yake. Ndinatseka boneti ndikudzimva ngati wapolisi.

Tinafika kwa ankolo dzuwa litakwera. Anatilandira ndi nthabwala zawo za nthawi zonse, kundifunsa ngati lilime langa lafika kuchokera ku Petauke kapena likadali pa basi. Amai anafotokoza za phokoso. Ankolo anati ayambe aona oyilo, natsegula boneti.

Pa dzuwa, madontho aja ankawala. Injini yonse inali ngati mwana wodwala chikuku.

Ankolo anawerama pa injini. Anakhudza dontho limodzi ndi chala chachikulu. Kenaka anayang'ana manja a amai, amene anagwira chikwama patsogolo, zala zonse khumi zili zofiira, mtundu womwewo. Amai anayang'ana injini, nayang'ana zala zawo, nazipinda pang'onopang'ono.

“Mulamu,” anatero ankolo, mawu ali pansi, “vamene ivi niviziba. Amachita anthu akapeleka motoka kuli munthu wamene samukhulupilila. Ine motoka iyi naigwila zaka zambili, mwine wake akali moyo. Ngati mtima wanu siuli pano, ipelekeni kwina. Sinizakwiya.”

“Mulamu, ine...”

“Koma musayende nayo masiku ambili. Izakusiyani pa msewu.” Anatseka boneti mosamala, nabwerera ku motoka ina imene ankakonza.

Ine ndinali pomwepo, mayadi awiri kuchoka pa iwo. Zinkangofunika mawu awiri okha: ndine, ankolo. Ndinatsegula pakamwa, ndipo ndikukumbukira bwino kuti ndinaona nyerere ikukoka kachidutswa ka tsamba pafupi ndi tayala, ndinaitsatira ndi maso mpaka inalowa m'dzenje. Loya uja wa mu dayale sanabwere.

Tinabwerera kunyumba. Motoka yokha ndiyo inkalankhula, ndipo sindinkadziwa kuti njira ya kwathu ili ndi makona ambiri a kumanzere chotero. Pa chakudya cha masana amai anaika kabotolo ka kyuteksi pambali pa mbale yanga. Kanali katatsala pang'ono kutha.

“Wamene anadontheza na kwanja,” anatero, “azafuta na pakamwa. Motoka siichoka pano mpaka vichitike.”

Lolemba amai ananyamula mazira pa minibasi, mathireyi ali pamiyendo. Kondakitala anawalipiritsa mpando wachiwiri, ndipo pa mabampu mazira ena anasweka. Lachiwiri chimodzimodzi. Mai wina wa ku Highridge, amene amatenga mathireyi ambiri kuposa onse, anati akachedwanso adzayamba kugula kwa ena. Kunyumba tinkadya mazira osweka m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo amai ankandiikira awiri m'mbale. Mpaka lero dzira lokazinga limandikumbutsa mlandu.

Ndinalemba kalata yopepesa kasanu. Yoyamba inali ndi masamba atatu ndi vesi la m'Baibulo. Yachisanu inali ndi mizere inayi. Lachitatu nditaweruka ndinakwera minibasi ya ku Mukobeko, kumene kuli galaji ya ankolo, kalata ili mkati mwa dayale.

Ankolo anali chigonere pansi pa motoka ya munthu wina, kunja kukuoneka miyendo yokha. Ndinagwada pa dothi la oyilo nkupereka moni kwa nsapato zawo. Anatuluka, nakhala pa tayala lakale, akupukuta manja ndi kansalu.

“Mwanawe, amai ako akutuma?”

Ndinapukusa mutu. Ndinatsegula dayale kuti nditulutse kalata, koma kalatayo inakanirira pakati pa masamba, ndipo sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinawapatsa buku lonse, lotsegula pa mapu paja.

Anavala magalasi omangidwa ndi waya. Anayang'ana mapu, natembenuza tsamba kubwerera m'mbuyo. Ndinafuna dzenje lawo lija lindimeze.

“Ankolo ndi mbala,” anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, ngati mwana wa giredi wanu. “Na mizele iwili pansi. Umozi siunakwane?”

Misozi inayamba kugwera pa siketi yanga.

“Madontho yanali yangati?”

“Fote thuu,” ndinanong'ona.

“Fote thuu. Manje pamene pali matenda, pansi kuseli kwa tayala, unaikapo yangati?”

“Palibe.”

“Ndiye kuti nikanafuna kuba, unanisiyila khomo lotseguka, wakhoma mawindo.” Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Anayesa kudzigwira, koma anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinkalira, iwo akuseka, ndipo pakati pa zimenezo mawu aja anatuluka okha, mochedwa ndi masiku anayi.

“Ndine, ankolo. Si amai. Pepani.”

“Naona kale kuti ndiwe. Mulamu sangajambule mapu.” Anapukuta magalasi, natembenuzanso masamba mpaka anafika pamene ndinalemba za phokoso. Apa anawerenga mwakachetechete. “Ilila chabe mukakhotela kumanzele, mukawongola ileka. Iyi ndiye nkhani yonse. Ni sivi, chitsulo chamene chizungulutsa tayala. Aja a mabuleki na mashoku unawauza ivi?”

“Ninangolila chabe.”

“Unalila?”

“Ko-ko-ko.”

Anasekanso, koma pang'ono. Kenaka anatseka dayale nkuigwira pa bondo.

“Mvela. Kufunsa mitengo si mulandu. Ine nimadulako, ni zoona, chifukwa vitsulo va mu msika sinigula. Atate ako anali kuniuza pamaso kuti ndine kawalala. Tinali kukangana pansi pa mango uyu mpaka nichotseko, yeve awonjezeko, ndiye tagula maheu. Kuchokela pamene anapita, amai ako safunsa. Ine nitchula mtengo na nsoni, sinidziwa ngati nawalemetsa olo bwanji. Munthu osakutsutsa umamuchita bwanji?”

Zimenezi sindinaziganizepo nkomwe. M'masamba onse aja ndinalemba za mantha a amai ndi anga, koma za munthu woyang'ana pansi potchula ndalama ndinalemba mawu atatu okha.

Ndinakafotokozera amai zonse, nditayang'ana khoma. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

Loweruka tinabwerera ndi motoka. Amai anatsika, napereka moni, ndipo makiyi sanawapereke msanga. Anawagwira m'manja, nakonza chitenje chimene sichinafunike kukonza.

“Mulamu,” anatero, ndi mawu aang'ono ngati anga, “ni zingati?”

Ankolo anatchula mtengo, maso ali pa amai.

Amai anakweza mutu. “Yadula.”

“Yadula? Mulamu, muziba mtengo wa sivi masiku yano?”

“Siniziba, koma yadula.”

“Ah, imwe anthu a mazila! Chotsani thileyi, muike ndalama!”

“Thileyi yamene mumadya na ana anu?”

Anakangana nthawi yaitali, amai mawu akukwera pang'onopang'ono mpaka ndinawamva akunena kuti ngakhale malemu ankadandaula za mitengo ya pano. Ankolo anamenya boneti ndi chikhatho mokondwa. Anachotsako pang'ono. Nditawerengera pambuyo pake, mtengo wawo unali udakali pamwamba pa wa mabuleki uja, koma tsopano ndinkadziwa kuti mabuleki sanali kudwala.

Asanalowe pansi pa motoka anatulutsa chitsulo chatsopano m'katoni, nandiitana.

“Bwana inisipekita, kyuteksi mwabwela nayo?”

Amai anaitulutsa m'chikwama. Sindinadziwe kuti anainyamula. Ankolo anandigwirira chitsulocho ndi manja awiri, ine nkuviika kaburashi pansi penipeni pa botolo. Kaburashi kanaterereka, ndipo m'malo mwa dontho panatuluka chinthu chonga mchira wa buluzi.

“Chabwino,” anatero ankolo. “Ichi palibe angakopele.”

Madontho ena aja sanachoke. Tikaima pothira mafuta, wina akatsegula boneti kuti aone oyilo, amayamba wadabwa, kenaka nkufunsa kuti injini yatani. Amai amaloza ine ndi chibwano. “Funsani mwine wake.” Ine ndimayang'ana nsapato zanga.