Chipsera cha Maatomu

Ndinataya mkazi. Ndinatayanso munda wa mbatatesi ku Zóbuè, poti unali wa kwawo. Munthu wondidula mawu ndikayamba kulongosola zimene sanandifunse.

Ndimaphunzitsa fizika pa sekundariya ina ku Moatize. Chaka chilichonse ndimaika kapu ya tiyi wotentha patebulo n'kuuza ana kuti adikire. Tiyi amazizira, kutentha kwake kumamwazikira m'chipinda monse, ndipo palibe angaloze pamene kunachokera. Zinthu zikachuluka n'kusakanikirana zimaiwala chiyambi chake. Kale ndinkanena zimenezi mtima uli m'malo.

Chapa, minibasi imene mkazi wanga anakwera popita kwawo, inagubuduzika pachitunda. Mvula ya chaka chimenecho itatha, amalume ake anandiitana ku Zóbuè kuti akandisudzule. Tinakhala pansi pa mtengo wa mapichesi.

"Mkamwini, mwalira mokwanira," anatero. "Mukadali mwana inu. Takumasulani, kapezeni wina. Izi zimazizira."

Ndinaomba m'manja monga mwa mwambo. Sananame. N'zomwe ndimaphunzitsa.

Patapita miyezi, mnzanga wa ku yunivesite ananditumizira pafoni nkhani ya kafukufuku wina. Asayansi amaziziritsa maatomu kwambiri n'kuwandanditsa pamzere ngati mikanda. Akawayala mwanjira zina zonse, amasakanikirana n'kuiwala, ngati tiyi uja. Koma akawayala modumphitsa, atomu iyi yodzutsidwa, yotsatira yogona, inayo yodzutsidwa, dongosololo limasokonekera, kenako limabwerera lokha mmene linalili. Limasokonekeranso, limabwereranso. Amachitcha chipsera. Ndinawerenga mpaka pamene analemba kuti kubwererako kumanka kuchepa mphamvu. Pamenepo ndinazimitsa foni.

Nkhope ya mkazi wanga yayamba kale kusakanikirana ndi ya mng'ono wake. Kaseka kake ndimakadziwa, koma sindikamvanso m'khutu. Chimene chimabwerabe chathunthu n'chimodzi chokha, ndipo sindidziwa kuti chidzabweranso kangati.

Chimabwera masana, akaphulitsa miyala kumgodi wa malasha. Mazenera a kalasi amanjenjemera, ana amakuwa mwachizolowezi, fumbi lakuda limayamba kutsikira pamadenga a tauni. Ine ndimaima, choko chili m'manja. Ndimamuona mkazi wanga pakhomo pathu m'mawa umene anachoka uja, chikwama paphewa, nsapato imodzi asanamange, wa chapa akuliza hutala kumsewu. Sanatembenuke n'komwe pondiyankhula.

"A Pulofesolo, zovala zili pachingwe. Muzichotse asanaphulitse, ine sindichapanso kawiri."