Mowa wa mkulu wa mpingo

Achimwene, lero ndadutsanso pabwalo la ndege la Nairobi, ndipo malo omwera aja akadalipo. Ku Kasarani, dera la mu Nairobi komwe tinkakhala, munali mkulu wa mpingo, botolo simunkaligwira n'komwe. Koma tsiku lija tikupita kumudzi, titangodinditsa mapasipoti, munaitanitsa tchipisi, nyama yootcha ndi mowa wakuda wofululidwa pomwepo. Ine kukamwa yasa! Inu n'kumasula tayi, n'kunena kuti, “Pano si Kenya, si Malawi. Ndisiye ndipumeko, ndatopa n'kukhala chitsanzo.”

Ulendo wanu womaliza munalowera khomo la katundu, muli m'bokosi, pampando paja simunakhalepo. Lero ndaitanitsa mowa womwe uja. Ndi wowawa, achimwene, koma kutopa kuja ndakumvetsa tsopano. Pumani, kumeneko kulibe wokulondani.