Chipolopolo cha M'jekete ya Agogo

Ndikukumbukira Lamulungu lina masana, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, titangofika kunyumba kwathu ku Walsall, ku England, kuchokera kutchalitchi. Bambo anali atabwerako kumene ku Kasungu, kumaliro a bambo awo, amene moyo wawo wonse anali mlonda wa nyama zakutchire. Pogawana katundu abale anatenga njinga, mbuzi ndi malata. Bambo anangotenga jekete yobiriwira, yonunkha utsi ndi fodya.

Ine ndi manja anga oyabwawa ndinaivala n'kumaguba nayo m'khitchini. Chala changa chinakhudza kanthu kolimba kumpendero. Ndinadula ulusi, ndipo kanthuko kanagwa n'kugubuduzika mpaka paphazi pa amayi. Chinali chipolopolo chosawombedwa, kutalika ngati chala cha munthu wamkulu.

Amayi, omwe anali nesi ndipo magazi sankawaopa, anabwerera m'mbuyo. Anazimitsa moto, n'kuitana bambo ndi mawu otsika amene ndinali ndisanawamvepo.

Bambo anachitola, nkhope yawo n'kufewa. "Ndi cha Ababa ichi. Ankati chomaliza sawombera, ndicho chimakubweza kwanu."

"Bambo a Tadala, kuno si ku Kasungu," anatero amayi. "Chimodzi chomwecho popanda layisensi ndi mlandu. Akangotilembera criminal record, mbiri yoti tinapalamula, viza yathu yatha, ntchito yanga yatha. Anawa mudzawauza chiyani?"

"Adziwa ndani?"

 Amayi anangondiyang'ana ine. Banja lonse linkadziwa kuti pakamwa panga sipagona nkhani, ndipo Lolemba likanafika kalasi yonse ikanamva. Bambo anati ndiye akachiponya mu kanalo, ngalande yaikulu ya madzi ija. Amayi anafunsa kuti nanga akawagwira nacho panjira?  Ndinachita mantha kwambiri. Ndinkadziona ndili m'ndege, kupita kudziko limene ndinkangolidziwa pazithunzi.

Bambo anakhala nthawi yaitali atachifumbata. Kenaka anachiika patebulo, natenga foni, n'kuimbira okha apolisi.

Kunabwera wapolisi wamkazi. Makatani a anthu oyandikana nafe ankagwedezeka. Wapolisiyo anafunsa kumene chipolopolocho chachokera, mmene chinadutsira pabwalo la ndege, ngati m'nyumbamo muli mfuti. Bambo, munthu woti Chingelezi ankachita kuchitafuna, tsiku limenelo ankachita chibwibwi, thukuta lili kamukamu. Wapolisiyo anapapasa jekete yonse, nalemba zolemba zake nthawi yaitali, ife mitima ili m'mwamba. Pomaliza anachiika m'kathumba, nati tachita bwino kuimba, ndipo mlandu palibe.

Wapolisiyo atafika pakhomo kuti azipita, bambo anamufunsa modzichepetsa ngati angachotse wonga n'kuwabwezera chikhungwa chokha. Iye anapukusa mutu mwachifundo.

Bambo sanadye tsiku limenelo. Anapempha singano, n'kusoka okha mpendero uja, ulusi wokhotakhota. Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti anandikwiyira, kapena kuti anangogonjera amayi.

Lero ndili ndi ana anga, ndipo jeketeyo ili kwa ine. Ndikaigwira, chala chimathamangira chokha pamalo opanda kanthu paja. Tsopano ndikumvetsa kuti bambo anaika maliro a bambo awo kawiri. Koyamba ku Kasungu, kachiwiri patebulo la m'khitchini, kuti ife tisachoke kwathu ku Walsall.